Chithunzi Chilankhula, Koma Chifuna Womasulira

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za zithunzi, makamaka zithunzi za kuthambo, ndi za nchito imene zigwira pakati pa anthu. Kapena wina adzati: ife ndife alimi, za mwezi ndi nyenyezi zitikhudza bwanji? Dekhani pang'ono, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nkhani iyi ikhudza nyumba yanu ndi ana anu.

Chiyambire kale anthu sanakhutire ndi mau a pakamwa okha. Mau apita ndi mphepo, ndipo mlendo wa chinenero china sawamva. Koma chithunzi chikhala, ndipo maso a mtundu uli wonse achiona. Ku mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 kumene akale anajambula pa matanthwe: kuli zofiira za Akafula, kulinso zoyera zimene makolo a Achewa anapaka ndi dothi loyera. Eklezia nayenso adziwa mphamvu imeneyi. Cha m'chaka cha 600, Episkopi wa ku Marseille, dzina lake Serenus, anaphwanya zithunzi za m'matchalitchi ake poopa kuti anthu angazipembedze. Papa Gregory Wamkulu anamlembera kalata, namyamika chifukwa choletsa kupembedza zithunzi, koma namdzudzula chifukwa choziphwanya. Papayo anaphunzitsa kuti chimene buku lichitira munthu wodziwa kuwerenga, chithunzi chichitira munthu wosadziwa malemba.

Amisiri amene anakongoletsa matchalitchi sanaope kukweza maso kuthambo ndi kujambula zimene anaona. M'chaka cha 1301 kunaoneka nyenyezi ya mchira, imene lero itchedwa Halley. Ibwera kamodzi pa zaka ngati 76, ndipo achikulire ena mwa inu anaiona mu 1986. Zitapita zaka pang'ono chionekere nyenyeziyo, mmisiri Giotto analikukongoletsa katchalitchi kena ku Padua, mzinda wa Antonio Woyera. Pojambula eni nzeru a kum'mawa alikugwadira Mwana Yezu, anaika pamwamba pa khola nyenyezi yokoka mchira wamoto, ndipo ophunzira ambiri ayesa kuti ndi yomwe ija anaiona ndi maso ake. Chifukwa chake, pamene anthu a ku Ulaya anatumiza chombo chopanda munthu kukaizonda nyenyeziyo pafupi mu 1986, anachitcha dzina la Giotto.

Ku Roma kuli chithunzi china chimene tiyenera kuchiganizira. Anthu akale a ku Ulaya anayesa kuti mwezi uli wosalala, wopanda chirema. Koma mu 1609 Galileo anauyang'ana ndi magalasi oonera zakutali, naona mapiri, zigwa ndi maenje, nazijambula ndi dzanja lake. Bwenzi lake Cigoli, pojambula Maria Virgo Woyera m'tchalitchi chachikulu cha Santa Maria Maggiore mu 1612, anaika pansi pa mapazi a Amai athu mwezi wa maenje, monga momwe Mulungu anaulengera. Chithunzicho chiri pomwepo kufikira lero. Mmisiri ameneyu anazindikira kuti Amai a Mulungu salemekezedwa ndi bodza, lingakhale bodza lokongola.

Pambuyo pake kunadza amisiri amene anajambula malo amene phazi la munthu silinapondeko. Mu 1944, nkhondo yaikulu iri m'kati, nyuzipepala ya Life ku America inasindikiza zithunzi za Chesley Bonestell. Chimodzi chinaonetsa Saturn, dziko lalikulu lozungulira dzuwa, lobvala khoza m'chuuno mwake, monga lingaonekere kwa munthu woima pa Titan, umene uli mwezi wake waukulu. Anyamata ambiri amene anachiona anatentha mtima, ndipo atakula ena a iwo anagwira nchito yomanga zombo za mlengalenga. Bonestell anatsata mosamala zonse zimene anzeru a masiku aja anadziwa, napatsa Titan thambo loyera bwino, lobiriwira. Koma chombo cha Voyager 1 chitadutsa kumeneko mu 1980, chinapeza Titan ataphimbidwa ndi nkhungu ya ndii, yofiirira, yobisa thambo lonse. Onani tsono: chithunzi chikhoza kudzutsa mitima ya anthu, chikhozanso kulakwa, ngakhale mwini wake ali wokhulupirika.

Tsiku la 24 December 1968, usiku wodikira Khirisimasi, amuna atatu, Frank Borman, James Lovell ndi William Anders, analikuzungulira mwezi m'chombo cha Apollo 8, ulendo wa makilomita ngati 384,000 kuchokera kuno. Posuzumira pa zenera anaona dziko lathu lirikutuluka kuseri kwa mwezi monga dzuwa lituluka kuseri kwa phiri, ndipo Anders analijambula. Tsiku lomwelo anawerengera anthu a pansi pano ndime khumi zoyamba za buku la Genesis. Pa chithunzicho sipaoneka malire a maiko, sipaoneka mtundu wolamula ndi mtundu wolamulidwa. Paoneka kanthu kamodzi kakang'ono, kobiriwira, kokhala ndi mitambo yoyera, kali kokha pakati pa mdima waukulu. Anthu a zinenero zonse anachimva chithunzichi popanda womasulira, chifukwa onse anadziwa kale nyumba imene chiwaonetsa.

Nanga tikafuna kulankhula ndi amene sadziwa kanthu za ife, chithunzi chokha chikwanira kodi? Funso limeneli linayesedwa mu 1972 ndi 1973, pamene zombo ziwiri, Pioneer 10 ndi Pioneer 11, zinanyamuka ulendo wosabwerera. Anzeru awiri, Carl Sagan ndi Frank Drake, anaganiza kuti, ngati kuli zolengedwa zanzeru kwina kutali, zombozi zikhale ndi kalata yake. Popeza kalata ya malemba siingawerengeke kumeneko, anakonza kalata ya zithunzi pa kachitsulo kosapitirira kukula kwa buku la mwana wa sukulu, ndipo mai Linda Salzman Sagan ndiwo anajambula. Pali mwamuna ndi mkazi ataimirira, mwamunayo atakweza dzanja kupereka moni. Pali dzuwa ndi maiko olizungulira atandandalikidwa pa mzere, ndipo kuchokera pa dziko lachitatu, ndilo lathu lino, patuluka mubvi woloza njira imene chombo chinadzera. Mu 1977 zombo ziwiri za Voyager zinanyamulanso mbale ya mau yokutidwa ndi golide, yokhala ndi zithunzi zoposa 100 ndi moni m'zinenero 55. Ndipo mudzakondwa kumva kuti chimodzi cha zinenerozo ndi Chinyanja chathu chomwe.

Koma anthu ena oganiza anafunsa: mubvi uja adzaumva ndani? Ife tidziwa kuti mubvi uloza kumene kuli nsonga yake, chifukwa makolo athu anali alenje a uta ndi mibvi. Amene sanaone uta chibadwire adzangoona kamzere kopanda tanthauzo. Ndipo dzanja lokwezedwa lija, ndani adzawauza kuti ndi moni, si kuopseza ai? Apa ndipo pagona phunziro lathu. Chithunzi chilankhula ndithu, koma chilankhula bwino kwa iye amene wina anamphunzitsa kuchiona. Ndi chimodzimodzi ku Chongoni: zina za zithunzi zoyera zija zinali za pa chilangizo, ndipo akulu anaima pambali pake kumasulira, mlendo wofika lero wopanda womtsogolera aona mawanga ndi mizere chabe. Ndi chimodzimodzinso m'tchalitchi mwathu. Mwana amene sanauzidwe za Ambuye Yezu akayang'ana zithunzi 14 za Njira ya Mtanda aona munthu womenyedwa ndi asilikari. Mwana amene amake anamfotokozera aona Mpulumutsi wake.

Tsono, makolo, omasulira a m'nyumba mwanu ndinu. Tikupemphani zinthu zitatu.

Choyamba, yang'anani zimene ziri pa khoma panu. Mtanda, chithunzi cha Mtima Woyera, cha Banja Loyera la ku Nazareth, zisangokhala zokongoletsa zodzala fumbi ndi mwaye. Madzulo, musanayambe mapemphero, mnyamuleni mwana wamng'ono, mumlozere, nimumuuze: uyu ndi yani, anachita chiani, chifukwa ninji mtima wake uli ndi minga. Muwauzenso ana kuti sitipembedza pepala kapena mtengo, koma tilemekeza iye amene chithunzi chitikumbutsa.

Chachiwiri, dziwani zithunzi zimene zilowa m'nyumba mwanu posadzera pakhomo. Masiku ano lamya ya m'manja ibweretsa zithunzi zambiri pa tsiku limodzi koposa zimene agogo athu anaona pa moyo wao wonse. Zina ziri zabwino ndi zophunzitsa. Zina ziri zonyansa. Zina ziri zabodza, zopangidwa ndi makina kuti zioneke ngati zoona, ndipo zadanitsa abale ndi kuipitsa mbiri ya anthu osalakwa. Ngati Bonestell, amene anafunafuna zoona ndi mtima wonse, anatha kulakwa, nanga amene afuna dala kunyenga? Phunzitsani ana kufunsa: anachijambula ndani, ndipo afuna kuti ndikhulupirire chiani? Wotumiza chithunzi chabodza kwa anzake achimwira lamulo lachisanu ndi chitatu monga wonama ndi pakamwa.

Chachitatu, usiku wina wopanda mitambo tulukani nawo ana pabwalo. Aonetseni Mlalang'amba wodutsa pakati pa thambo, aonetseni mawanga a pa mwezi, ndipo m'banda kucha muwadzutse aone Nthanda. Auzeni maina amene makolo anu anakuuzani, nimuwauzenso amene anazipachika pamenepo. Kukacha muwalole ajambule zimene anaona, ndi chala pa dothi kapena ndi khala pa mwala, ndipo musawaseke. M'mera mpoyamba: mwana wozolowera kuyang'anitsitsa nchito za Mulungu ndi kuzijambula moona sadzanyengeka msanga ndi zithunzi za anthu achinyengo.

Zombo zija zirikupitabe mumdima ndi makalata ao, ndipo palibe munthu adziwa ngati adzapezeka wowawerenga. Koma ana anu ali pafupi, pa mphasa yomweyo, ndipo maso ao ali otseguka lero. Musasiyire ena nchito yowaphunzitsa kuona.

Mulungu, Mlengi wa zooneka ndi zosaoneka, adalitse mabanja anu, ndipo Maria Virgo Woyera, Nthanda yathu, akusungeni kufikira tidzachezenso mwezi wa mawa.