Kanada ndi Amisiri a Ng'anjo za ku India Ayenera Ulemu

Mukadula kanthu pakati, chidutswacho n'kuchidulanso, n'kupitiriza chomwecho, kodi pali pamene kudulako kungathere? Anthu a ku India analimbana ndi funso limeneli zaka pafupifupi 2,000 zapitazo kapena kuposa apo, ndipo mmene analiyankhira n'zoyenera kuziombera m'manja. Tingochenjera kuti poyamikapo tisathire nsinjiro zambiri, chifukwa ntchito yawo ndi yokoma kale payokha.

Dzina loyamba kulitchula ndi la Kanada, yemwe mfundo zake zili m'buku la Vaisheshika Sutra. Iye anaphunzitsa kuti dothi, madzi, moto ndi mpweya zinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, tosagawikanso ndiponso tosawonongeka, tomwe timatchedwa paramanu. Otsatira ake anakulitsa mfundoyi. Anati tizidutswa tiwiri tikalumikizana timapanga dvyanuka, ndipo ma dvyanuka atatu amapanga tryanuka, kanthu kakang'ono koyamba komwe diso lingaone, kofanana ndi kafumbi kamene kamauluka m'kuwala kwa dzuwa lolowera pazenera. Chifukwa chomwe ankapereka n'chimene chikutisangalatsa kwambiri. Ankati kudula kukanakhala kopanda mapeto, ndiye kuti kambewu ka mpiru ndi phiri la Meru la m'nthano zawo zikanakhala ndi zidutswa zosawerengeka chimodzimodzi, ndipo sipakanapezeka chifukwa choti china chikulire chinzake. Katswiri wa masamu wa lero angathe kutsutsa mfundo imeneyi, koma taonani kuti ndi mfundo yoti munthu n'kuiyesa ndi nzeru zake. Sanangoti khulupirirani chifukwa akuluakulu anatero.

Mkangano wawo wokhudza mphika ndiye wokoma zedi. Mphika wadothi umalowa pamoto uli wakuda, n'kutuluka uli wofiira ndiponso wolimba. Chachitika n'chiyani m'katimo? A gulu la Vaisheshika, kutsatira Prashastapada yemwe anakhalako cha m'ma 500, ankati moto umamasula mphikawo mpaka tizidutswa take tonse titabalalika, kalikonse n'kupsa pakokha n'kufiira, kenako n'kulumikizananso mofulumira kwambiri moti diso silingaone. A gulu la Nyaya anakana. Iwo ankati woumba mbiya amauzindikira mphika wake womwewo ukachoka pamoto, choncho motowo umangolowerera m'timipata ta dothi, mphika uli chikhalire. Lero tikudziwa kuti kufiirako kumabwera chifukwa chitsulo cha m'dothi chagwirana ndi mpweya wa okosijeni. Magulu onse awiriwa sanafike pamenepo, komabe anazindikira kuti kutentha kumasintha chinthu kuchokera m'kati mwenimweni, ndipo apa mpamene sayansi ya kemisitiri imayambira. Nawonso a chipembedzo cha Jain anaikapo mlomo: ankati tizidutswa timagwirana malinga ndi kunanda kapena kuuma kwake.

Pali ena amene, chifukwa chokonda dziko lawo, amanena kuti Kanada anatulukira kale zonse zomwe John Dalton analengeza mu 1808. Zimenezo n'kukokomeza. Dalton anayeza kulemera kwa zinthu zikamaphatikizana, ndipo manambala ake munthu wina akanatha kuwatsimikizira kapena kuwagwetsa. Kanada analibe sikelo yotero, ndipo paramanu si atomu ya m'mabuku a kusukulu. Malo ake oyenera ali pafupi ndi Leucippus ndi Democritus a ku Greece, anthu omwe anafika pa ganizo lofananalo pogwiritsa ntchito mutu wokha. Malo amenewo si onyozeka ayi.

Koma ulemu waukulu tikuupereka kwa anthu omwe mayina awo sanalembedwe paliponse, amisiri a m'ng'anjo. Ku Zawar, pafupi ndi Udaipur m'chigawo cha Rajasthan, anathetsa vuto lomwe linasautsa osula ambiri padziko. Zinki ndi wovuta kumutulutsa m'miyala chifukwa amawira pa madigiri 907, pamene mwala wake umafuna moto woposa pamenepo kuti umumasule. Ndiye akangotuluka amakhala ali nthunzi kale, ndipo nthunziyo ikakumana ndi mpweya imapsa n'kusanduka fumbi loyera. Amisiri a ku Zawar ankaumba timiphika tooneka ngati mabiringano, n'kuthiramo mwala wokazinga wosakaniza ndi makala ndi zina zoyaka. Pakati ankasomekapo kamtengo, n'kuvundikira kamphikako chozondotsa pa phale lobowolabowola, timiphika 36 m'ng'anjo imodzi. Moto ukakolera pamwamba, kamtengo kaja kankapsa n'kusiya njira, nthunzi ya zinki n'kutsika kupita m'chipinda chozizira cha pansi, komwe inkadontha ili chitsulo. Pofika m'ma 1200 ntchitoyi inali itakula kwambiri, ndipo milu ya timiphika totha ntchito ikadalipo, tina anthu anamangira makoma a nyumba. Ku England, William Champion analembetsa njira yake yotulutsira zinki mu 1738. Nzeru yotembenuza mphika kuti nthunzi itsike m'malo mokwera siibwera mwangozi. Imabwera kwa anthu omwe awononga miyala ndi makala ambiri akuonetsetsa chomwe chikulakwika.

Ku Mehrauli mumzinda wa Delhi kuli chipilala chachitsulo chotalika mamita oposa 7, cholemera pafupifupi matani 6. Mawu olembedwapo amatchula mfumu Chandra, yomwe akatswiri ambiri amati ndi Chandragupta II wa cha m'ma 400. Sichinathiridwe m'chikombole. Osula ankatenthetsa zibuma zachitsulo n'kuzimenyetsa pamodzi ndi nyundo mpaka kugwirana. Patha zaka 1,600 chili panja, koma dzimbiri silinachidye monga mmene likanadyera chitsulo wamba. R. Balasubramaniam wa ku sukulu ya ukachenjede ya IIT Kanpur anasonyeza kuti chinsinsi chagona pa fosifolasi wochuluka yemwe anatsalira m'chitsulocho poti osungunula sankathira laimu m'ng'anjo, ndipo fosifolasiyo anathandiza kuti pamwamba pake pamere kachikopa kopyapyala kotchinga chinyezi. Kuuma kwa nyengo ya ku Delhi nakonso kwathandiza, ndipo mbali yokwiririka pansi inachitako dzimbiri. Palibe matsenga pamenepa. Chodabwitsa n'chakuti manja a anthu ndiwo anayamba kuchiopseza: alendo ankachikumbatira pofuna mwayi, mpaka mu 1997 anachizinga ndi mpanda.

Kum'mwera kwa India nako kunkachokera chitsulo cholimba cha wootz, chosungunulidwa m'timiphika totsekedwa, chomwe ankasulira malupanga otchuka a ku Damascus. Mu 1819 Michael Faraday anali akuchifufuzabe ku London.

Zambiri zokhudza kemisitiri yakale ya ku India zikanangokhala m'mipukutu ya Chisanskrit pakanapanda Prafulla Chandra Ray wa ku Calcutta, katswiri wa kemisitiri yemwe anatulukira mankhwala otchedwa mercurous nitrite mu 1896. Iye anasanthula mabuku akale monga Rasaratnasamuccaya, ofotokoza za mekyule, sulufule ndi zipangizo zotchezera, n'kutulutsa A History of Hindu Chemistry m'magawo awiri, mu 1902 ndi 1909. Timamuyamikira makamaka chifukwa sanawope kufunsa chomwe chinadzazimitsa moto wa luso limeneli ku India. Yankho lake linali lowawa kwa anthu akwawo omwe. Anati tsankho la magulu obadwira linachititsa kuti ophunzira aziona ntchito zamanja ngati zodetsa n'kuzisiyira a magulu onyozeka, moti wodziwa kufunsa chifukwa chake sankapondanso pa ng'anjo, ndipo wodziwa moto sankaloledwa kutsegula buku.