Tichene, Koma Osati na Ndalama za Kaloba

Ife amene tigwila nchito pa wailesi ya m'dela tili na mwayi umodzi umene anzathu a pa TV alibe: palibe amationa. Tingawelenge zilengezo za malilo titavala patapata na sikipa yakale ya mpila, omvela osadziwa kanthu. Koma mukabwela ku situdiyo pa Chiwelu masana, nthawi ya pulogilamu ya achinyamata, mungaganize kuti kuli ukwati. Aliyense wachena. Nyimbo ikamalila, mafoni amatuluka m'matumba, n'kuyamba kuonetsana zithunzi za pa Instagram na TikTok: "Iwe, ona jekete iyi! Ona nsapato izi! Mwezi ukatha ine nifuna zotele."

Kusilila munthu wovala bwino si mlandu. Tonse tinaphunzila kuvala poona ena. Ena tinaonela kwa amai a m'kwaya amene anali kumanga chitambala ngati apita kukaonana na mfumu. Ena tinaonela kwa aphunzitsi a giledi 7 amene thalauzi yao inali na mzele wakuthwa ngati mpeni. Chimene chasintha manje n'chakuti anthu amene tisilila sitiwadziwa. Aphunzitsi aja tinali kudziwa kumene akhala, ndipo tinali kuwaona na jekete imodzimodziyo pa Mande, pa Chitatu na pa Sondo. Wa pa foni timuona pa kamphindi kamene wasankha yekha, ataimilila pamalo owala bwino. Chithunzi sichikamba ngati diresi ni yake, ni yobweleka, kapena shopu yamupatsa kuti aitsatse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyelele.

Nyelele zake tiziona m'makomboni mwathu. Pabwela lamulo limene palibe analilemba, koma ambili alitsatila: chovala chikaoneka kamodzi pa Facebook, sichivalidwanso. Ndiye kichini pati ya mnzako ifuna diresi yake, chilanga mulilo ifuna ina, matebeto ina, giladuweshoni ya msuweni inanso. Mtsikana wina amene timudziwa bwino, amene agulitsa m'shopu ya mafoni m'tauni, anatenga kaloba kuti agule diresi na nsapato za kichini pati. Anavala maola asanu chabe. Zithunzi zinatuluka bwino, anthu anamutamanda. Mwezi utatha, wa kaloba anafika pakhomo kufuna ndalama yake na phindu pamwamba, ndipo chilimba chimene mtsikanayo anali kuyembekezela kuti alipile kosi ya kompyuta chinathela komweko. Diresi ija ikali mu sutikesi. Anyamata, osaseka. Tidziwa angati a ife amene ali na nsapato za mtengo wopambana lenti, koma ya minibasi apempha.

Ndiye titani, tileke kuona zithunzi? Iyai. Tiphunzile kuona chinthu choyenela m'zithunzizo. Chitsanzo chabwino chili konkuno kwathu. Mu 2024 dziko lonse linadziwa ambuya a Margret Chola, amene pa Instagram amadziwika na dzina lakuti Legendary Glamma. Ni ambuya a zaka zopitilila 80, okhala kumudzi kumpoto kwa Lusaka. Mdzukulu wao, Diana Kaumba, amagwila nchito yoveka anthu ku New York, ndipo atabwela kudzacheza kumudzi anayamba kuveka ambuya ake zovala zake zamakono, magalasi aakulu na mikanda yolemela, n'kuwajambula. Manyuzipepala akuluakulu akunja, ngakhale BBC, anawalemba.

Zovala zotelo zadzala pa intaneti, atsikana masauzande amavala zofananazo. Nanga n'chifukwa chiyani maso a anthu anaima pa ambuya awa? Yang'anani kumbuyo kwao. Muona munda wa chimanga, mitengo ya mango, mbaula, musi wosinjila, kawailesi kakale. Sanabise kwao, sanabise makwinya, sanayese kuoneka ngati mtsikana wa ku Paris. Ife tikafuna kujambula timathawa pakhomo pathu, n'kukaima pa Manda Hill kapena East Park pafupi na motoka ya munthu amene sitimudziwa. Mukagula magalasi ngati a ambuya aja, mwagula magalasi chabe. Nzelu yao, yotenga chachilendo n'kuchikhazika pakati pa zako popanda manyazi, ni yaulele.

Nkhaniyi si yatsopano. A Kenneth Kaunda anasankha jekete ya safari yovala popanda tayi, yoyenela dziko lotentha, ndipo anaivala zaka zambili na kansalu koyela m'manja. Sanatope nayo, sanaope kuti anthu adzati abwelezanso. Lelo m'maiko ambili a mu Africa chovalacho chimachedwa suti ya Kaunda. Mu 2023 chinafika poyambitsa mkangano ku Kenya, pamene nyumba ya malamulo inaletsa aphungu kulowa atachivala, chikhalilecho pulezidenti wao William Ruto amachikonda. Taganizilani, munthu anamwalila mu 2021, koma dzina lake likali pa chovala chifukwa anapeza chomuyenela n'kukhala nacho. Amene anawalowa m'malo mu 1991, a Frederick Chiluba, anali na masuti na nsapato zosawelengeka, ndipo mu 2007 khoti la ku London linamva za ndalama zambili zimene zinapita ku shopu imodzi ya zovala ku Geneva. Koma palibe telala amene mungamuuze kuti "nisokeleni Chiluba" n'kudziwa chimene mukamba.

Ife a m'tauni tili kale na sukulu ya kavalidwe, chabe kuti timaipeputsa. Dzina lake ni salaula. Liuli linachokela ku Chibemba, ndipo litanthauza kusankha pofufuza pamulu. Malonda amenewa anakula kwambili m'zaka za m'ma 1990, boma litatsegula misika, ndipo mu 2000 katswili wina, Karen Tranberg Hansen, anafika polemba buku lathunthu lochedwa Salaula. Aliyense amene anafikapo m'mamawa ku Soweto, ku City Market, ku Chisokone ku Kitwe kapena ku Kapata ku Chipata pa tsiku lotsegula belo adziwa kuti pamafunika diso. Umagwila nsalu kuti umve kulemela kwake, umayang'ana msoko, kolala na m'khwapa, umaunika padzuwa kuti uone zibowo. Pamulu palibe chidole chokuuza kuti malaya awa apita na thalauzi iyi. Usankha wekha, ndipo chimene watenga sudzachiona pa munthu wina m'minibasi. Achinyamata a ku London na New York manje amanyadila kugula zovala zakale, amakutcha kusamala chilengedwe. Ife tinayamba kale, koma tikafunsidwa timanama kuti "ni ya ku mall".

Pambuyo pa salaula pali telala. Pafupifupi msika uliwonse, ku Matero, ku Chawama, ku Mtendere, uli na amai kapena atate okhala pa makina. Jekete ya pamulu ikachepetsedwa m'mapewa na m'chiuno imaoneka bwino kupambana yodula imene ikulendewela. Mamita awili a chitenge cha ku Kamwala angakhale malaya, siketi kapena kajekete kamene palibe wina ali nako. Tisadzinamize, chitenge chambili chimene tigula chimapangidwa kunja. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inaima mu 2007, ngakhale kuti alimi a ku Petauke, Katete na Lundazi sanaleke kulima thonje. Koma ndalama ya kusoka imakhala konkuno. Imagula unga, imalipila mwana sukulu m'komboni mwathu momwe. Mukaitanitsa diresi pa intaneti kuchokela kunja, mudikila masabata, ifika yaing'ono, nsalu yake yopyapyala ngati neti ya udzudzu, ndipo mulibe kokadandaula. Telala akalakwitsa, mudziwa pamene akhala.

Tidziwa kuti ena akamba kale mumtima: "Ba wailesi, imwe mwakula, simudziwa mmene zinthu zilili. Masiku ano ukaoneka wosauka, nchito sungaipeze, ngakhale munthu wokufunsila." Pali choonadi pamenepo. Anthu amaweluza na maso, ndipo mlonda wa pa geti amalankhula mosiyana na wovala bwino. Sitikamba kuti tizipita ku intavyu na sikipa ya mpila. Koma funsani aliyense amene analembapo anthu nchito. Sayang'ana dzina la pa kolala. Aona ngati malaya ni oyela, ngati akukwana, ngati asitidwa, ngati nsapato zapukutidwa. Zonsezi zifuna sopo, nsimbi na nthawi. Ngakhale mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, amene anali na nsimbi ya malasha anali kufika pa nchito ali bwinobwino.

China chimene chithunzi sichikuuzani ni nyengo. Pamene a ku Ulaya avala majasi aatali na nsapato zaubweya mu December, ife tili m'matope a ku Kanyama. Mu October, kutentha kwafika pachimake, mupeza mnyamata wavala jekete ya chikumba pa Cairo Road, thukuta lili kamukamu, chifukwa anaiona pa woimba wa ku America. Wovala bwino amadziwa kumene aponda.

Ndiye ulendo wina chithunzi chikakugwilani mtima, musathamangile kufunsa mtengo. Yambani mwafunsa chimene chakukondweletsani. Kodi ni mtundu wake? Ni utali wa siketi? Ni mmene waphatikizila chakale na chatsopano? Mukapeza yankho, tsegulani sutikesi yanu, nthawi zambili theka la zimene mufuna lili kale mmenemo. Chotsalacho mukachifufuze pamulu, kapena muonetse telala. Ndipo musanatulutse ndalama, welengani malo atatu kumene mudzavala chovalacho. Mukapeza amodzi chabe, chisiyeni, kapena bwelekani kwa mnzanu monga mmene amai athu anali kubwelekelana zitenge za ukwati popanda wochita manyazi.

Ife pa situdiyo tagwilizana kanthu kamodzi. Wina akabwela na chovala chimene tinachiona kale sabata yatha, sitimuseka. Timamuuza kuti, "Yakukwana iyi, uzivala kawilikawili." Yesani kuuza mnzanu mau amenewa pa kichini pati ikubwelayi. Mwina mungamupulumutse kwa wa kaloba.