Teshuqah: Liwu Lomwe Akulembera Nalo Akazi Mlandu

Pali chiphunzitso chomwe chafala pa chilangizo, pa ma bridal shower, ngakhale pa TikTok. Akuti Genesis 3:16 imaulula kuti mkazi aliyense ali ndi njala yolamulira mwamuna wake, ndiye bambo azimugwira zolimba. Mlaliki akafuna kuti timuope amaponya liwu la Chiheberi: teshuqah. Akangolitchula, holo yonse zii. Angatsutsane ndi wodziwa Chiheberi ndani?

Tiyeni tilione liwulo. M'Baibulo lonse limapezeka katatu kokha basi. Pa Genesis 3:16 ndi la Hava kwa mwamuna wake. Pa Genesis 4:7 ndi la tchimo lomwe likudikira Kaini pakhomo. Kachitatu lili pa Nyimbo ya Solomo 7:10, pomwe mkazi akunyadira kuti wokondedwa wake ali ndi teshuqah pa iye. Mwaona? Apa mwini teshuqah ndi mwamuna, ndipo palibe amene analalikirapo kuti mkuluyu ankafuna kulanda ufumu. Amamufuna mkazi wake, nkhani yathera pomwepo. Vesi imeneyi pa chilangizo saiwerenga, kaya chifukwa chiyani.

Maganizo a "kulamulira" ndi a dzulodzuloli. Anatchuka mu 1975, pomwe Susan Foh analemba nkhani mu Westminster Theological Journal. Mfundo yake siyopusa ayi: Genesis 3:16 ndi 4:7 zimafanana kamangidwe, teshuqah kutsogolo, mneni woti kulamulira pambuyo. Ndiye akuti monga tchimo limafuna kugonjetsa Kaini, mkazinso amafuna kugonjetsa mwamuna.

Vuto ndi loti 4:7 ndi imodzi mwa mavesi ovuta kwambiri mu Genesis. Liwu loti tchimo pamenepo ndi lachikazi, pomwe mawu olitsatira ali m'kalembedwe kachimuna, moti akatswiri amakanganabe kuti mwini teshuqah ndi ndani kwenikweni. Ndiye eti utenge vesi yamdima kuti iwalitse inzake, n'kusiya ya Solomo yomwe ili poyera? Komanso kumuika mkazi wako pa mzere umodzi ndi chilombo chobisalira pakhomo, aise, n'chipongwe ndithu.

Ayuda omwe anamasulira Genesis m'Chigiriki, Yesu asanabadwe, sanaonepo zolanda mphamvu. Anaika liwu lotanthauza kutembenukira kapena kubwerera kwa munthu. Nako kaliwu ka Chiheberi kotsogolera "mwamuna" m'vesiyo, el, nthawi zambiri kamangoloza komwe chinthu chikupita, ngati "kwa" wathuyu.

Ndipo vesiyi siikulamula aliyense. Ikufotokoza zowawa zobwera tchimo litalowa, limodzi ndi ululu wa pobereka ndi minga ya m'munda. Mingayo timaizula, ena mpaka kupopera mankhwala. Mayi akamachira timathamanga naye kuchipatala. Koma ikafika mbali yoti mwamuna adzalamulira, mwadzidzidzi yasanduka lamulo loyera loti ankhoswe alilondere. Mkazi akafunsa komwe yapita ndalama ya fetereza, wayamba teshuqah. Akakana kumenyedwa, teshuqah yomweyo.

Mu 2016 Baibulo la Chingerezi la ESV linasintha vesiyi kuti imveke ngati chikhumbo cha mkazi n'chotsutsana ndi mwamuna wake, n'kulengeza kuti mawu ake sadzasinthidwanso. Anthu atadandaula, lonjezo limenelo analibweza chaka chomwecho. Mu 2025 anabwezanso vesiyo mwakale. Eni ake anabwerera m'mbuyo, koma ma voice note a ulaliki uja akuzungulirabe m'magulu a amayi pa WhatsApp.