Musanagule Makina Opolishira Galimoto

Mwezi wathawu alamu anga a ku Kaporo anafika kunyumba nkhope ili yakugwa. Sienta yawo yakuda, imene amanyamulira anthu pakati pa Karonga boma ndi Songwe, inali ndi banga lotuwa m'mphepete mwa boneti, kukula kwake ngati chikhatho. Anali ataipereka kwa mnyamata wina wotsuka magalimoto kuti aichotse timizere ta pa penti. Mnyamatayo anabwereka grinder kwa owotcherera zitsulo, n'kumangirirako siponji. Asanamalize n'komwe boneti, penti inali itapsa. Galimotoyo ndi imene imalipira fizi ya ana atatu, ndipo ngongole yake sanamalize kubweza. Funso lawo linali lakuti: “Alamu, ndikagule makina otani kuti ndizipolisha ndekha?” Mwezi uno tikambirane zimenezi.

Timizere tikunenati mumationa bwino dzuwa likawomba pa galimoto yakuda kapena yabuluu. Timaoneka ngati ukonde wa kangaude wozungulira kuwala kwa dzuwalo. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ali ndi penti ya magawo atatu: ya pansi yogwira chitsulo, ya pakati yopereka mtundu, ndi ya pamwamba yoonekera mkati imene opopera penti amaitcha kiliya. Timizereto timakhala mu kiliyamu. Tsono kiliya ndi wopyapyala zedi, pafupifupi theka la pepala la m'kope la mwana wa sukulu.

Apa ndi pamene ambiri timasokera. Makina opolishira sadzaza mizere ayi. Amapala kiliya mpaka pamwamba ponse pafanane ndi pansi pa mzerewo. Ndiye kuti nthawi iliyonse mukapolisha, mwachotsako kiliya amene sadzabwereranso. Chonsecho ndi iyeyo amene amatchinjiriza mtundu wa galimoto ku dzuwa, ndipo dzuwa la Karonga mu Okutobala simufunika kuuzidwa. Mwaonapo magalimoto a denga losupuka ngati njoka yofundula? Kiliya wake anatha, ndipo mankhwala ake ndi kupoperanso basi.

Makina alipo a mitundu iwiri. Oyamba amatchedwa rotary. Siponji yake imazungulira pamalo amodzi, ndipo liwiro lake limayambira cha pa 600 kufika cha pa 3,000 pa mphindi. Amagwira ntchito mwachangu, koma amatenthetsa penti, makamaka m'mphepete ndi m'makona momwe penti imakhala yochepa kale. M'manja mwa munthu wosazolowera amasiyanso mizere yawoyawo. Awa asiyireni akatswiri a ku galaja. Grinder ndiye musayerekeze dala: yaing'ono ija imazungulira ka 11,000 pa mphindi, ndipo zambiri zilibe pochepetsera liwiro.

Achiwiri amatchedwa dual action, mwachidule DA. Siponji yake imazungulira uku ikugwedezeka, monga umachitira mkono wa mayi popeta mpunga, choncho kutentha sikuunjikana pamalo amodzi. Mukakanikiza kwambiri, ambiri mwa makinawa amaleka kuzungulira m'malo mowotcha penti. Ntchito imachedwa, inde, mwina tsiku lathunthu pa galimoto imodzi. Koma kwa banja limene lili ndi galimoto imodzi yodalira, ine sindingalangize ena kupatula awa.

Pogula, onani kuti pali kagudumu kosinthira liwiro. Mbale yomatapo siponji ikhale ya mamilimita 125, chifukwa yaikulu imavuta pa zitseko za Vitz kapena Passo. Pa bokosi amalembanso kukula kwa kugwedezeka kwake. Mamilimita 8 ndi okwanira kwa woyamba kumene. A 21 aja ndi a anthu opolisha tsiku ndi tsiku. Siponji gulani zingapo nthawi imodzi, zolimbirako ndi zofewa, pamodzi ndi mabulashi a mota osungira. Kuyenda makilomita oposa 200 kupita ku Mzuzu chifukwa cha kasiponji kamodzi si nzeru.

Za magetsi musaziiwale. Athu kuno ndi a mavoti 230. Makina ogula ku Kyela kapena ku Mbeya agwira bwinobwino, ndipo amene mwana wanu angatumize kuchokera ku Johannesburg mwina mungosintha pulagi. Koma a ku America ndi a mavoti 120, a ku Japan a 100. Mukawalumikiza kuno mudzangomva fungo. Werengani kapepala komatidwa pa makinawo musanapereke ndalama, ndipo funsani osachita manyazi. Paja safunsa anadya phula, ngakhale kuti pa nkhani ino phulalo tikulifuna pa penti.

Musanayatse makina, yendetsani chikhadabo pa mzerewo. Chikakodwa, ndiye kuti mzerewo walowa kwambiri, ndipo mukalimbana nawo mudzatha kiliya yense wozungulira. Usiyeni. Dziwaninso kuti magalimoto ena oyera, makamaka akale ndi onyamula katundu, alibe kiliya. Pakani polishi pang'ono pa kansalu kakuda n'kupukuta pamalo obisika. Kansaluko kakayera, mukupala penti yeniyeniyo, choncho pitani nayo mwaulemu.

Ntchitoyi gwirani m'mawa, pamthunzi, chitsulo chili chozizira. Tsukani kaye galimoto, iume, ndipo pansi pamene mwapondapo pakhale pouma poti mwagwira chinthu cha magetsi. Valani magalasi ndi masiki, chifukwa polishi akauma amauluka ngati ufa, ndipo a chifuwa cha mphumu amavutika naye. Tsekani makutu ngati mugwira maola ambiri. Chingwe chidutse paphewa, malaya apisiridwe, ana aonerere patali. Yambani ndi siponji yofewa pa kachigawo kakang'ono, ndipo mukamaliza pakani phula la galimoto.

Koma nditafunsitsa alamu anga za katsukidwe kawo, ndinaona kuti makina paokha sawathandiza. M'mawa uliwonse amapukuta fumbi la mu M1 ndi nsanza youma. Lachisanu masana anyamata amaitsukira kunyanja, ndi chidebe chimodzi, sopo wa ufa wochapira zovala, ndi nsanza imene imagwa pamchenga n'kutoledwa osaitsukuluza. Mchenga umakanda ngakhale galasi, nanji kiliya. Timizere tonse tija timachokera pamenepo, ndipo ngakhale mutapolisha lero, pakutha pa mwezi tidzakhala titabwerera.

Ndinawauza kuti ayambe agula zidebe ziwiri, china cha madzi a sopo wa galimoto, china chotsukuluziramo nsalu. Azithira kaye madzi ambiri kuti fumbi litsike asanakhudze penti, aziyambira padenga kutsika m'munsi, ndipo matayala akhale ndi nsanza yakeyake. Za makina tinagwirizana kuti asonkherane ndi anzawo awiri a pa siteji, poti chinthu chogwiritsa ntchito kamodzi pa chaka, mwinanso osakwana, sichiyenera kudya ndalama ya fizi ya banja limodzi. Boneti ija ikudikira kuti akolole mpunga, akaipoperetse.