ZA PAULENDO: Mlendo ndi Mame, Eni Mudzi Atsala ndi Citsime

Sabata ino ndikutengani ku dziko la Tanzania, kumene ndinagona masiku atatu m'hotela ya anthu olemera m'mphepete mwa nyanja yamcere. Musayese kuti ndalama zinacokera m'thumba langa. Analipira ndi amene anatiitana ku msonkhano wa atolankhani, pakuti mtengo wa usiku umodzi ukanagula matumba angapo a fetereza.

Kucokera mumzinda wa Dar es Salaam, kumene imathera njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 yocokera ku Kapiri Mposhi, tinaoloka pa sitima ya pamadzi maola awiri ndi kufika pa Unguja, cisumbu cacikulu ca Zanzibar. Kenaka galimoto inatitengera kumpoto kufikira msewu unatha. Pamenepo ndi pa Nungwi, pamene mtunda wasongoka ndi kulowa m'nyanja monga nsonga ya mkondo, madzi kumanja, kumanzere ndi kutsogolo.

Ubwino wa malowo sindingaubise. Mcenga ndi woyera mbee ngati ufa wokonola, ndipo mitengo ya kokonati yandandalika m'mbali mwa gombe. M'cipinda canga munali kama woti ana anai angagonepo osakankhana, makina oziziritsa mpweya, ndi bafa lokhala ndi madzi otentha ndi ozizira usana ndi usiku. Pa cakudya panali nsomba, nkhanu ndi zipatso za mitundumitundu, ngakhale kuti nsima ndinaifuna osaiona. Pabwalo anamanga dziwe lalikulu la sementi losambiramo alendo, pamene nyanja yeniyeni ili pafupi poti mwana angaponyepo mwala. M'mamawa uliwonse anyamata anali kuthirira kapinga ndi maluwa, kotero kuti mkati mwa mpanda munali mobiriwira ngati nthawi ya dzinja.

Tsiku laciwiri ndinatuluka pacipata kukaona mudzi. Kugombe ndinapeza amisiri alikusema ngalawa za matanga ndi kasemasema, nchito imene Nungwi adachuka nayo kuyambira kale. Koma nditalowa pakati pa nyumba ndinaona cinthu cimene inu amai a kumudzi mucidziwa bwino: mzere wa zigubu zacikasu pa pompi youma, amai ndi ana atakhala pamthunzi kudikira. Mnyamata wina anadutsa ndi njinga yolemedwa ndi zigubu, alikugulitsa madzi. Kupyolera mwa womasulira, mai wina wacikulire anandiuza kuti citsime cimene anakulira naco tsopano cimamveka mcere.

Cifukwa cake ndi ici. Nthaka ya kumeneko ndi ya miyala yoyera yokhala ndi mibowo yambirimbiri. Mvula ikagwa, madzi salikha pamwamba ai, amalowa pansi msanga. Pansipo madzi abwino, popeza ndi opepuka, amayandama pamwamba pa madzi amcere monga mafuta pa msuzi. Munthu wotunga ndi cingwe amangotapa a pamwamba. Koma makina amphamvu akamapopa usana ndi usiku, madzi abwino amacepa ndipo amcere amakwera kulowa m'zitsime. Citsime cikalowa mcere, kuti cibwererenso pamapita nthawi yaitali. Coipa cina ndi cakuti alendo amaculuka m'miyezi ya cilimwe, pamene madzi ndi ocepa kale.

M'caka ca 2012 bungwe la ku Britain lochedwa Tourism Concern linafalitsa zimene linapeza m'midzi ya m'gombe la Zanzibar, kuphatikizapo Nungwi. Linati banja limodzi linali kugwiritsa nchito malita 93 pa tsiku, pamene m'mahotela apamwamba kwambiri cipinda cimodzi cinali kutha malita 3,195, powerengera pamodzi dziwe, kapinga ndi zocapa. Tikayesa ndi cigubu ca malita 20, banja silinakwanitse zigubu 5, koma cipinda cimodzi cinatha zigubu pafupifupi 160.

Pamenepa tisafulumire kuweruza. Kale cuma ca Zanzibar cinadalira zokometsera cakudya zochedwa karafuu, koma mtengo wake unagwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo boma linatembenukira kwa alendo odzaona malo. Lero anyamata ndi atsikana ambiri amalandira malipiro m'mahotela, asodzi amagulitsako nsomba, ndipo oyendetsa magalimoto amadyetsa mabanja ao. Mahotela ena ali ndi makina ocotsa mcere m'madzi a m'nyanja kuti asalimbane ndi mudzi pa citsime cimodzi. Njira ilipo, kungoti imadya ndalama, ndipo si onse amene amafuna kuilipira.

Madzulo a tsikulo nditabwerera m'cipinda ndinatsegula pompi, madzi nathovoka mwamphamvu. Ndinaima ndi kukumbukira mzere wa zigubu uja, ndiponso amai anga amene ankadzuka tambala woyamba kupita kudambo mu Okutobala. Ndinasamba msanga ndi kutseka. Sindinene kuti potero ndinapulumutsa mudzi, koma bafa lija sindinalidzazenso kufikira tsiku locoka.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ine ndinakamuka patapita masiku atatu, koma mai uja akali pomwepo ndi citsime cake. Tsono inu mafumu ndi nduna, tsiku limene munthu wacuma adzabwera kudzapempha malo a hotela m'mbali mwa mtsinje kapena nyanja, mlandireni bwino pakuti nchito tizifuna. Koma musanasaine pepala, mfunseni pamaso pa amai a m'mudzi kuti madzi ake adzatunga kuti, adzatunga oculuka bwanji, ndipo zitsime zikadzauma adzayankha ndani.