Ciweto ca m'foni cimadya ciyani?

Mafoni a intaneti akuculuka ku Ulongwe, ndipo abwera ndi mlendo: kamphaka kolankhula, dzina lake Talking Tom. Mwana akalankhula, iko kamabwereza mawu ake. Kamamva njala, kamafuna kusamba, kamagona. Makolo ena amaseka, ena amadandaula kuti foni siikhalanso m'manja mwawo. Kodi zimenezi zinayamba bwanji?

Zinayambira ku Japan. Mu Novembala 1996, kampani ya Bandai inayamba kugulitsa kacidole kooneka ngati dzira, kokwana m'dzanja. Dzina lake ndi Tamagotchi, kucokera ku mawu awiri: dzira ndi wochi. Amene anabweretsa nzeruyi ndi Akihiro Yokoi ndi Aki Maita. Kacidoleka kanali ndi kagalasi ndi mabatani atatu basi. Pa kagalasipo dzira limaswa, kanyama n'kutuluka. Kakalira, mwini wake amakadyetsa, kukacotsera zitosi kapena kukapatsa mankhwala. Akakaiwala, kamafa.

Ana anakakonda kwambiri, mpaka masukulu ena analetsa kulowa nako m'kalasi. Pofika lero, tizidole totere toposa 90 miliyoni tagulitsidwa. Mu 1998 ku America kunatuluka Furby, cidole caubweya colankhula. Mu 1999 kampani ya Sony inapanga galu wamagetsi, AIBO. Kenako ziwetozi zinalowa m'foni. Sewero la My Talking Tom linatuluka mu 2013, lopangidwa ndi kampani ya Outfit7 yomwe inayambira ku Slovenia.

Nanga n'cifukwa ciyani zimakondedwa conco? Munthu aliyense, ngakhale mwana, amasangalala pakakhala cina comudalira. M'mizinda ya ku Japan nyumba zambiri n'zazing'ono, ndipo eni ake salola galu kapena mphaka. Ndiye mwana amaweta m'thumba.

Koma ciweto ciriconse cimadya. Ca m'foni cimadya nthawi ya mwana, moto wa batire ndi mamega. Sewerolo amati ndi laulere, eetu, koma m'kati mwake mumabwera zotsatsa malonda. Mwana akamaziona, kampani ikupeza ndalama, mamega anu a Movitel kapena Vodacom akutha. Mulinso zovala ndi zakudya za kamphakako zomwe zina zimagulidwa ndi ndalama zenizeni.

Kuno ku Angónia kuweta si kwacilendo. Kuyambira kale anyamata amaumba ng'ombe zadothi kubusa, kwinaku akuyang'anira zenizeni. Mwana amapatsidwa msoti kuti ukhale wakewake. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Tamagotchi akafa, umangodina batani n'kuyambiranso. Tom ndiye safa n'komwe. Koma mwanapiye akatengedwa ndi kabawi, wapita basi. Nkhuku zikapanda katemera, citopa cimasesa khola lonse. Mwana woweta nkhuku amaphunzira kuti kunyalanyaza kuli ndi mtengo wake. Amaonanso phindu: mazira, anapiye, mwinanso ndalama ya makope.

Sikuti mulande foni n'kumukalipira mwana ayi. Sewero ndi sewero. Ingomupatsani nthawi yocepa, akamaliza nchito za kusukulu ndi za pakhomo. Zimitsani intaneti asanayambe, pakuti kamphakako kamasewera ngakhale popanda mamega. Nambala yacinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola ikhale yanu nokha.

Ndipo mukaona kuti mwana wanu saiwala kudyetsa Tom, dziwani kuti mtima wosamala ali nawo. Nkhuku yanu ikaswa, musankhireni kamwanapiye kamodzi kakhale kake.