Amisiri a pa Chintheche Akadali ndi Sizasi

Pamene ndinali ku Johannesburg ndinkaona anthu akudula malata a aluminiyamu ndi makina a CNC m'galaja mwawo, pongotayitsa nthawi Loweruka. Munthu amajambula pa kompyuta, makinawo n'kumadula okha osaphonya mzere. Kwa iwo ndi masewera chabe.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza mmisiri wa pa Chintheche akadali ndi sizasi, nyundo ndi chidutswa cha njanji, akukhoma ndowa ndi mbaula patsinde pa mtengo wa mango. Luso ali nalo, musakayike. Chomwe alibe ndi magetsi odalirika komanso ngongole yogulira makina.

Boma la chipani chimodzi linatilonjeza fakitale ya mapepala pa Chintheche pomwepa m'ma 1970, koma mpaka lero kulibe. Miyala ya bauxite, yomwe amapangira aluminiyamu, inapezeka m'phiri la Mulanje mu 1924, ndipo ikadali momwemo. Kodi pa 14 June 1993 tinavotera nyali kuti mmisiri azikhomabe usiku powunikira koloboyi?

Inu aphungu a ku Nkhata Bay, kaumirizeni bungwe la TEVETA, lomwe lilipo kuyambira 1999, kuti liyike makina amodzi okha pa Chintheche, anyamata a ku Kande ndi Mpamba aziphunzirirapo.